Maliro a pa Boma

Lipenga litangolira pa Boma ku Blantyre, khamu lonse linati zii. Apo ndiye a Nachisale anayamba kubuma. Amuna awo anapita kunkhondo ya Jeremani ngati mtengatenga wa katundu wa asilikali, osabwerako. Panalibe mtembo, panalibenso siwa. Atamva kuti azungu akonza maliro a onse ofera kunkhondo, anabwera kudzalira koyamba.

"Mayi, chete!" msilikali anawanong'oneza. "Pano salira choncho."

A Nachisale anameza kulirako, nadikira kuti nthawi yake ikwane. Posakhalitsa azungu anavala zipewa zawo n'kuyamba kubalalika.

"Nanga tilira nthawi yanji, bambo?" anafunsa msilikali uja.

"Paja tinangoti duu paja, kulirako n'komweko. Mwalira kale, mayi."

A Nachisale anayesa kuyambiranso, koma misozi sinabwere. Anamanga bwino mpango wawo, nauyamba wa ku Limbe.