Mlatho wa Mayi Kangaude

Padangokhala, nkhungu ikadagona padambo mpaka masana, Nadzikambe anali kapitawo pa ntchito yomanga mlatho. Mayi Kangaude anabwera kudzafunsira ntchito.

"Kuno n'kwa abambo, mayi. Inu muzititungira madzi," anatero Nadzikambe.

Achiswe anaunjika dothi masiku atatu, mtsinje n'kumangolikokolola. Kangaude anakwera pabango n'kuponya ulusi wake m'kamphepo. Ulusiwo unayandama mpaka tsidya, mlatho n'kuoneka ukunyezimira ndi mame. Nyerere zinawoloka ngati zikuyenda m'maloto.

"Amuna anu ndi mmisiri ndithu," anatero Nadzikambe. "Mukawathokoze."

Kangaude anayamba kukulunga ulusi wake pang'onopang'ono. "Ndilibe mwamuna, bambo. Mukamupeza, akumangireni wina."

Mpaka lero maso a Nadzikambe amangozungulira uku ndi uku, kufunafuna mwamunayo.