Pemphero la Mayi Anga

Rozaria anaika wailesi yojambulira mawu patebulo n'kudina batani lofiira.

"Yambani, bambo. Agogo ankati chiyani pothira nsembe ya mvula? M'Chilomwe momwemo, musamasulire."

Mwana wangayu anali m'chaka chomaliza ku yunivesite ku Zomba, kumene ankaphunzira za zipembedzo za pa dziko lapansi. Mayeso a za Abuda ndi Ahindu anakhoza bwino. Chinatsala chinali kafukufuku wa chipembedzo cha makolo ake, ndipo anali atayenda dera lathu lonse la Mkhumba masabata atatu osapeza wokumbukira pempherolo. Aliyense ankamubweza kwa ine: "Kafunseni Aphunzitsi a Sitima, wotsogolera nsembezo anali mayi awo."

Kaseti inkazungulira.

Ndinaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zinayi. Mpaka lero ndikhoza kunena pamtima mitu yathunthu ya Yesaya. Koma chimene chinandibwerera m'maganizo chinali kansengwa ka ufa wa nsembe kamene ndinakagubuduza ndi nsapato yanga yoyamba, nditangofika kuchokera ku sukulu ya mishoni, mayi ali chigwadire patsinde pa mpoza.

"Muluku," ndinatero, kutchula Mulungu monga ankamutchulira iwo. Ndinadikira kuti mawu otsatira abwere okha.

"Pitirizanitu, bambo. Popanda pempheroli ntchito yanga yonse ikakanidwa."

Ndinavula magalasi, ndinawapukuta, n'kuwavalanso.

"Analekera pomwepo," ndinamuuza. "Ndinawadula ndine, ndipo sanapempherenso ine ndikumva. Zimitsa chinthucho, mwana wanga. Ndatopa."