Kagalasi ka diso m'firiza ya mafirizesi

Panali mayi wina ku Mbayani kuno, dzina lake Angella. Loweruka masana akuyamwitsa mwana, anamva aneba akukangana. Makoma a nyumba za lendi mukuwadziwa, ngakhale kutsokomola kumamveka.

"A Pearson, chinthu cha kuchipatala mwaika pamodzi ndi mafirizesi anga? Mwanena nokha kuti anesi anati m'firiji, osati m'firiza!"

"Iwe Marjorie, nyama imasungika bwino ikauma gwa. Usandiphunzitse ntchito."

A Pearson anali dalaivala wa chipatala china cha maso. Dzulo lake anawatuma ku eyapoti kukatenga kabotolo momwe munali kagalasi ka diso kochokera kunja, kaja madokotala amati koniya. M'malo mokapereka, anakasiya kunyumba, iwo liwiro ku mowa ku Limbe.

Angella anazindikira nthawi yomweyo. Kagalasiko kanali ka amuna ake, a Lucius, omwe anapsa diso ndi asidi wa batire kugalaja ku Ginnery Corner. Anali atadikira miyezi khumi, opaleshoni inali Lolemba kuchipatala komweko. Angella anafunsapo adokotala chifukwa chake sasunga timagalasi tambiri m'firiza. Anamuuza kuti madzi akauma amasanduka timasingano tong'amba mnofu wake, pamafunika mankhwala oteteza, nawonso ukachulutsa amawotcha.

Angella anagunditsa foni kukhoma, n'kuyamba kujambula mawu.

"Ndikasungunula m'madzi ofunda, Lolemba ndikapereka. Adziwa ndani?" anatero a Pearson.

"Nanga akawaika a Lucius, diso n'kuferatu?"

"Ali nalo lina. Diso limodzi saonera mpira?"

Angella sanagogode, sanatukwane. Mawu aja anawatumiza kwa anesi, kenako pagulu la kumpingo komwe a Pearson ndi adikoni, kenakonso kwa apongozi awo. Sipanathe mphindi khumi anesi anaimba: "Mayi, mwapulumutsa diso. A Lucius adikiranso, koma pamndandanda akhala oyamba. Tikubwera ndi apolisi."

Iye anabereka mwana, n'kutulutsa mpando pakhonde, kuti pobwera asamuphonye.

Mkatimo mkangano unali utazizira.

"Basi zatha izo, tapakula," anatero a Pearson. Anasamba m'manja, awiriwo n'kukhala pansi kudya mpunga wa nyemba, bambo akudandaula kuti mchere wachepa.

Phunziro: Akakuuza odziwa ntchito kuti m'firiji, ndi m'firiji basi. Diso la mnzako si ndiwo. Ukalakwitsa ulula msanga, usakonze mwakabisira ndi thupi la mwini. Tumizirani ena, makamaka aja otumidwa amene amayamba akhotera kwina.