Mazira Awiri a Njiwa

Padangokhala Njiwa, amene chisa chake chinapendekeka ndi mphepo pamwamba pa mlambe. Mazira ake awiri anayamba kugubuduka.

"Ndithandizeni, abale anga!" anafuula.

Chipembere anathamangira patsinde. "Musaope, mayi. Msana wangawu sugwedera ngakhale mwala utaugwera."

Nyani anati, "Achimwene, vuto lake ndi lomwelo. Chinthu chikamagwa chimadza ndi liwiro, sichifuna kuimitsidwa mwadzidzidzi."

"Choka apa ndi manja ako olobodokawo!"

Dzira loyamba linagwera pamsana wolimba uja, phwaa! Lachiwiri Nyani analiwakha, manja ake akutsika nalo mpaka m'maondo, ndipo silinasweke.

Chipembere anangoti chilili, zam'dzira zikuyenderera m'nthiti mwake. "Komatu ine sindinasunthe," ananong'ona.

"Zoona, bambo," anatero Njiwa akulira. "Simunasunthe."