Utsi Wabwerera Eni Ake

Mphepo itatembenuka, utsi wokhetsa misozi unabwerera kwa apolisi omwe anauponya. Mmodzi anagwada pakati pa msewu mu Nairobi muno, chishango chili apo, akutsokomola ngati mbuzi.

Ife a zionetsero tinamuzungulira. Wina anatola mwala.

Mnzathu Nyaboke anataya chikwangwani chake n'kutikankha. Anafinya mankhwala otsukira mano pachala, n'kumupaka wapolisiyo kunsi kwa maso, monga tinkachitira tonse utsi ukatipeza.

"Musatikite, bwana. Utsi wanu womwewu simunaulawepo?"

"Kani umawawa chonchi?" anatero wapolisiyo, mamina ali chuchuchu.

Tinaseka mpaka mwala uja unagwa wokha.

Atadzuka, mizere yoyera ili kumaso ngati ife, wapolisiyo anamunong'oneza Nyaboke: "Mlongo, mankhwala aja atsalako? Anzanga atatu akulira kuseri kwa galimoto yathu."