Kamalaya ka Cláudia

"Mayi Natália, muvuleni kamalaya mwanayo."

Anatero a Vitorino, anamwino athu, pansi pa mtengo wa mango pamene timakwezera ana sikelo kuno ku Chiuta. Pambali pawo panaima mlendo wa ku bungwe limene limapereka ndalama za phala la ana, kamera ili m'manja.

"Chifukwa chiyani?" ndinafunsa.

"Akufuna nthiti zioneke," anandinong'oneza. "Akapanda kuona ana owonda, thandizo la phala litha mwezi wamawa."

Ndinamuyang'ana Cláudia wanga. Tsitsi lake likadali lofiirira, mapazi otupa. Koma kamalaya kachikasuko ndinasoka ndekha, kuchokera ku nsalu ya kapulana imene ndinabwera nayo kuchoka kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Kumeneko anatijambula mpaka kukhuta, tili pamzere, mbale m'manja.

"Nkhondo inatha, a Vitorino. Kuno ndi kwathu."

"Mayi, ganizirani ana a anzanu."

Amayi onse pamphasa anandiyang'ana. Phala limenelo ndinkalifuna kuposa onsewo. Komabe ndinamanga batani la pakhosi, n'kumukweza mwana pamaso pa mlendoyo.

"Muwauze m'chilankhulo chawo, mwana wanjala amaoneka ngakhale atavala. Ngati maso awo saona, akafunse sikelo."

A Vitorino sanamasulire. Kumbuyo kwanga mayi mnzanga Mastura, amene anali atamuvula kale mwana wake, anatola malaya pansi, n'kuwasasa fumbi, n'kuyamba kumuveka.