Khutu la Evelesi

"Ababa, taonani, ndaligwira!"

Evelesi anadutsitsa dzanja pamwamba pa mutu n'kutsina khutu la mbali inayo. Bambo ake, a Simoni a ku Maseya, adamulonjeza kuti akadzalifikira khutulo adzayamba sukulu. Chilonjezereni, mwanayo ankadzikoka mkono ngati mphira wa legeni m'mawa uliwonse, anzake akudutsa ndi makapu a phala.

"Bwereza. Osapendeketsa mutu, ndikukuona."

Anabwereza, khutu n'kugwirika bwinobwino.

"Amake Eve, mwana wakula uyu!"

Mayi ake anathamangira m'nyumba kukatulutsa yunifolomu yomwe adasoketsa mobisa.

"Mkono wotere umaponya mwala patali," anatero a Simoni monyadira. "Mawa uyambe kuingitsa mbalame kumapira."

Evelesi anatsitsa dzanja lake pang'onopang'ono.